Mlendo ndi Mbadwa: Mitengo ya pa Yunivesite ya Pretoria

Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mbiri ya mitengo ya pa Yunivesite ya Pretoria ikusonyeza kuti alendo ena amazika mizu mpaka kusanduka chizindikiro cha mudzi umene anaufikira.

Sukuluyi inayamba m'chaka cha 1908 ngati nthambi ya Transvaal University College, ndipo inakhala yunivesite yoima payokha mu 1930. Pamene inkatsegulidwa n'kuti mtengo wa jakaranda utafika kale mumzindawu. Kwawo kwa jakaranda ndi ku South America, ndipo mitengo iwiri yoyamba inabzalidwa ku Sunnyside mu 1888 ndi J.D. Celliers. Lero misewu ya ku Hatfield, kumene kuli likulu la yunivesiteyi, imakutidwa ndi maluwa ake mwezi wa Okutobala, mayeso akayandikira. N'chifukwa chake ophunzira ali ndi chikhulupiriro chakuti duwa la jakaranda likamugwera munthu pamutu, ndiye kuti wakhoza mayeso.

Mitengo yomwe ndi mbadwa za mu Africa muno inalowa pasukulupa mwakachetechete. Mu 1924, panabzalidwa mitengo ya mtundu wa Pavetta kuti ithandize pa kafukufuku, ndipo apa ndi pamene panayambira munda umene mu 1986 unapatsidwa dzina la katswiri wa zomera, Manie van der Schijff. Chuma chachikulu cha mundawu ndi mitengo yooneka ngati kanjedza, ya mtundu wa Encephalartos, yomwe mbale wake, Encephalartos gratus, amamera ku Mulanje. Kutchire mitengo yotereyi ikutha chifukwa cha anthu oizula kukagulitsa, motero yunivesite yasanduka pothawira pake.

Mlandu wa mlendo uja unadzuka mu 2001, pamene boma la South Africa linaika jakaranda m'gulu la zomera zolanda malo a zomera za m'dzikomo. Kubzala yatsopano kunaletsedwa, koma yakale inasiyidwa. Malamulo a mu 2014 anafewetsa chiletsochi m'mizinda ya m'chigawo cha Gauteng.

Chodabwitsa n'chakuti mlendo akungodzikulira mumsewu, aliyense akumutchula dzina, pamene mbadwa ikusungidwa m'munda, yodziwika ndi dzina la Chilatini lolembedwa pachikwangwani. Wophunzira wodutsa pansi pa mitengoyi ayenera kudzifunsa kuti ndi ingati imene angaitchule m'chiyankhulo cha makolo ake.