Dorothy Kamenshek, Mwini Chibonga wa ku Rockford

Ubwana wake

Dorothy Kamenshek anabadwa pa 21 December 1925 kufupi ndi mzinda wa Cincinnati, m'dziko la America. Ali mtsikana ankasewera softball, ndiwo mpira umene wina amauponya chamunsi ndi dzanja, wina naumenya ndi chibonga, nathamanga kukaponda malo anayi mozungulira bwalo. Panalibe malipiro.

Nkhondo itsegula bwalo

Ndipo kunali kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe ija inatengera asilikali athu a KAR ku Burma, itakokolola anyamata ambiri a baseball (mpira wa amuna wofanana ndi softball), mkulu wina wa malonda a chingamu, Philip Wrigley, poopa kuti mabwalo angasanduke mabwinja, anayambitsa ligi ya akazi mu 1943. Dorothy, ali ndi zaka 17, anakayesedwa ku Chicago, napambana, napatsidwa timu ya Rockford Peaches.

Poyamba mpira wawo unkafanana ndi softball. Koma m'kupita kwa zaka mpira woponyawo unkachepa, bwalo likukula, kufikira mu 1948 anayamba kuponya chapamwamba monga amuna.

Siketi ndi zilonda

Eni ligi analamula kuti atsikanawo azisewera atavala siketi zazifupi, atadzola milomo, ndipo anawatumiza kukaphunzira kayendedwe ndi kalankhulidwe ka ulemu. Tsono wothamanga mu baseball, akaona kuti mpira um'peza, amadzigwetsa nakhuluzika pa dothi kuti aponde malo ake msanga. Ndipo popeza siketiyo sinkaphimba ntchafu, khungu linkasupuka, chilonda chisanapole china n'kubwera pomwepo.

Dorothy, amene anali wamanzere, ankalondera malo oyamba. Mu 1946 ndi 1947 palibe anam'posa pomenya. Pa maulendo 3,736 amene anaima ndi chibonga, anatulutsidwa chifukwa chophonya maulendo 81 okha. Timu yake inatenga chikho mu 1945, 1948, 1949 ndi 1950.

Akana kugulidwa

Mbiri yake itamveka, timu ya amuna ya ku Fort Lauderdale inafuna kum'gula. Iye, pozindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndi kuti anthuwo ankafuna chionetsero chokopera khamu koposa luso lake, anakana, natsala ndi anzake.

Ntchito yachiwiri

Msana unayamba kum'vuta, ndipo chaka chake chomaliza chinali 1953. Ligi nayo inatha mu 1954. Pamenepo anabwerera kusukulu ali munthu wamkulu, ku yunivesite ya Marquette, kumene anaphunzira ntchito yowongola ndi kulimbitsa ziwalo za odwala. Zaka zambiri anatumikira ana olumala ku Los Angeles. Anamwalira pa 17 May 2010, ali ndi zaka 84.