Mishoni Yopanda Sukulu: Mbiri ya Amishonale Achinyamata a Oyera Mtima ndi Dera la Kafue

Tauni ya Kafue, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, inayamba kudziwa amishonale patangopita zaka zochepa njanji itawoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho womwe unatha kumangidwa mu 1906. Mu 1918 mpingo wa Primitive Methodist unatsegula sukulu yophunzitsa aphunzitsi ndi amisiri pafupi ndi mtsinjewo motsogozedwa ndi John Fell, ndipo pasukulu imeneyi, yomwe lero ndi Kafue Boys Secondary School ya mpingo wa United Church of Zambia, panaphunzira Harry Mwaanga Nkumbula, mmodzi mwa atsogoleri omenyera ufulu wa dzikolo. Kwa anthu a m'derali, mishoni inali malo ooneka ndi maso, okhala ndi nyumba za njerwa, minda ndi makalasi, ndipo mmishonale anali munthu wokhwima amene ankakhala pamalo amodzi zaka zambiri mpaka kudziwa chilankhulo ndi maina a mafumu. Pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, limodzi ndi fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, anthu ochokera m'zigawo zosiyanasiyana anadzaza madera okhalamo monga Kafue Estates, Shikoswe ndi Nangongwe, ndipo Chinyanja cha m'tauni chinakhala cholumikiza Atonga, Abemba, Alozi ndi anthu a kum'mawa pamsika ndi m'matchalitchi.

Mmishonale wa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amautchula kuti wa Mormon ngakhale kuti mu 2018 mtsogoleri wake wa panthawiyo Russell M. Nelson anapempha kuti dzinalo lisiyidwe, ndi wa mtundu wina kotheratu. Kawirikawiri iye ndi mnyamata kapena mtsikana wosakwatira, salandira malipiro, sabwera ndi sukulu kapena chipatala, ndipo ntchito yake yonse imachitikira m'nyumba za anthu ena. Mwambo umenewu sunayambe choncho. Mpingowu unakhazikitsidwa ndi Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York ku America, ndipo mmishonale wake woyamba, Samuel Smith, yemwe anali mng'ono wa Joseph, anayenda pansi chaka chomwecho atanyamula makope a Buku la Mormon. Amene anatsatira, monga Heber C. Kimball yemwe anafika ku England mu 1837, ambiri anali abambo apabanja amene ankasiya akazi ndi ana, n'kuyenda opanda ndalama kapena kamba, akudya ndi kugona kwa aliyense wowalandira. M'zaka za m'ma 1900 ntchitoyi inasamukira pang'onopang'ono m'manja mwa achinyamata olipiriridwa ndi mabanja awo, ndipo malamulo a kavalidwe, nthawi ndi kaphunzitsidwe anayamba kulembedwa ku likulu la mpingo ku Salt Lake City kuti akhale amodzimodzi padziko lonse.

Amishonale a mpingowu anafika ku Cape Town mu 1853, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anali kulalikira pakati pa azungu ogwira ntchito m'migodi ya Copperbelt, koma anthu akuda a m'makomboni sanali m'gulu la ofunidwa. Chifukwa chake chinali lamulo lochokera m'nthawi ya mtsogoleri wa mpingo Brigham Young, loletsa amuna akuda a ku Africa kulandira unsembe ndiponso loletsa amuna ndi akazi akuda kulandira miyambo ya m'kachisi. Popeza mumpingowu mulibe abusa olembedwa ntchito, ndipo unsembe ndi ulamuliro umene mwamuna wamba amalandira kuti abatize, adalitse mgonero ndi kutsogolera osonkhana, lamulolo linatanthauza kuti mpingo wa anthu akuda okha sukanatha kuyima. Azungu ambiri atachoka m'dzikolo pambuyo pa ufulu wa 1964, nthambi za ku Copperbelt zinazimirira. Lamulo la tsankholi linachotsedwa mu Juni 1978 ndi mtsogoleri wa mpingo Spencer W. Kimball, ndipo zimenezi zikufotokoza chifukwa chimene mpingo wakale chonchi ulili mlendo ku Zambia poyerekeza ndi Akatolika, Amethodisti ndi Mboni za Yehova, amene anayamba kalekale kugogoda pa zitseko za m'makomboni.

Ntchito inayambanso mu 1992, miyezi yochepa pulezidenti Frederick Chiluba atalengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mpingo unalembetsedwa ku boma mu Julayi 1992, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Russell M. Nelson, yemwe panthawiyo anali mmodzi wa atumwi khumi ndi awiri a mpingowu, anafika ku Lusaka kudzapempherera dzikolo kuti ulaliki uyambe. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri amishonale a ku Zambia ndi ku Malawi ankayang'aniridwa kuchokera ku Harare, kufikira mu 2011 pamene mishoni ya Lusaka inakhazikitsidwa kuti iyang'anire mayiko awiriwo. Mawu akuti mishoni pano satanthauza malo omangidwa koma dera lalikulu lokhala ndi pulezidenti mmodzi amene amagawa achinyamata m'mizinda ndi m'matauni, ndipo Kafue ili m'kati mwa dera limeneli. Mu 2015 Lusaka inalandira siteki yake yoyamba, ndiko kuti gulu la mipingo ingapo yoyandikana lotsogozedwa ndi anthu a komweko osati amishonale.

Wachinyamata wofuna kutumikira amadzaza mafomu, amapimidwa kuchipatala, amafunsidwa za khalidwe lake ndi bishopu wa kwawo, kenako amalandira kalata yomuuza kumene adzapite, ndipo iye sasankha. Mu Okutobala 2012 mtsogoleri wa mpingo Thomas S. Monson anatsitsa msinkhu woyambira wa anyamata kuchoka pa zaka 19 kufika pa 18, ndi wa atsikana kuchoka pa 21 kufika pa 19, ndipo chiwerengero cha amishonale chinakwera kwambiri. Mnyamata amatumikira miyezi 24, mtsikana miyezi 18. Asanafike kumene watumidwa amakhala masabata ochepa pamalo ophunzitsira amishonale, monga amene anatsegulidwa ku Tema m'dziko la Ghana mu 2002 n'kusamukira ku Accra mu 2017, kapena a ku Johannesburg amene anatsegulidwa mu 2003. Kuyambira pamenepo dzina lake loyamba silimvekanso, chifukwa pa baji yakuda ya pachifuwa pamalembedwa Elder kapena Sister ndi dzina la bambo, ndipo amapatsidwa mnzake amene sayenera kusiyana naye usana ndi usiku. Chinthu chimene chasintha kwambiri n'chakuti ambiri mwa ovala baji imeneyi m'maderawa tsopano ndi ana a ku Africa konkuno, ochokera ku Zimbabwe, Uganda, Kenya, South Africa, Malawi ndi Zambia, moti chithunzi cha mzungu wa malaya oyera ndi tayi chatsala theka chabe la nkhaniyi.

Tsiku la mmishonale linalembedwa kale iye asanadzuke. Kwa zaka zambiri lamulo linali lodzuka 6:30 m'mawa ndi kugona 10:30 usiku, ndipo m'mawa munkakhala pemphero, masewera olimbitsa thupi, ola lowerenga malemba payekha ndi ola lina lowerenga ndi mnzake, asanatuluke kukayenda. Mu 2017 mpingo unalola kuti ndandanda imeneyi isinthidwe malinga ndi dera, zomwe zili ndi nzeru m'dziko limene dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko ndipo njira za m'komboni zilibe magetsi. Tsiku limodzi pasabata, kawirikawiri Lolemba, ndi lochapa, logula zakudya ndi lolembera abale. Mmishonale saloledwa kukhala ndi chibwenzi, kuonera wailesi yakanema kapena kusambira, ndipo lamulo lotsirizali silivuta kulimvetsa m'mbali mwa mtsinje wa ng'ona ndi mvuu ngati wa Kafue. Kufikira mu Febuluwale 2019 ankaloledwa kuimba foni kwawo kawiri kokha pachaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la amayi, koma kuyambira pamenepo amaimba sabata iliyonse.

Kaphunzitsidwe nako kali ndi mbiri yake. Mu 1961 mpingo unatulutsa maphunziro asanu ndi limodzi amene mmishonale ankaloweza pamtima liwu ndi liwu, mafunso ndi mayankho omwe, ngati kuti nyumba zonse za padziko lapansi zili ndi munthu mmodzimodzi woyankha mofanana. Buku la Preach My Gospel, lomwe linatuluka mu 2004 n'kukonzedwanso mu 2023, linathetsa kulowezako n'kuuza mmishonale kuti aphunzitse m'mawu ake, komabe mitu inatsala yomweyo: kubwezeretsedwa kwa mpingo kudzera mwa Joseph Smith, chikonzero cha chipulumutso, chikhulupiriro ndi ubatizo, ndiponso malamulo. M'nyumba ya ku Zambia, kumene mlendo amayamba ndi odi ndipo salowa m'nkhani asanalonjere amayi ndi abambo a panyumbapo, mmishonale sakumana ndi munthu wosadziwa Baibulo, koma ndi woimba kwaya wa ku United Church of Zambia, mayi wa chigwirizano kapena mnyamata wa mpingo wa Pentekosite amene amadziwa mavesi kuposa iye. Motero funso lalikulu silikhala loti Mulungu alipo kapena ayi, koma loti buku lachiwiri n'lofunikiranji ndipo mneneri wa ku America akudza ndi chiyani chimene mpingo wa kwawo ulibe. Yankho la mmishonale silikhala mtsutso wa mavesi, koma pempho loti munthuyo awerenge Buku la Mormon, apemphere payekha, ndipo aone zimene amve mumtima. Popeza maphunziro ambiri amachitika m'Chingerezi, membala wa komweko womasulira m'Chinyanja kapena m'Chibemba ndiye amasenza gawo lalikulu la ntchito, ngakhale dzina lake silimveka pamene mbiri ya mishoni ikufotokozedwa.

Malonjezo ofunika munthu asanabatizidwe ndiwo amakhudza moyo wa m'komboni mwachindunji. Lamulo lotchedwa Mawu a Nzeru, lochokera mu 1833, limaletsa mowa, fodya, khofi ndi tiyi, ndipo m'nyumba imene chakudya cha m'mawa ndi tiyi ndi buledi kapena mbatata, kusiya tiyi kumavuta ena kuposa kusiya chibuku. Chakhumi chimafunsidwa kwa wogulitsa nsomba ndi kwa wolembedwa ntchito mofanana, m'tauni imene ntchito zinachepa mafakitale a boma atafooka. Mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi ayenera kukhala okwatirana mwalamulo, zomwe zimachedwetsa ubatizo pamene malowolo sanathe, ndipo Nelson anadzudzula poyera mwambo wa malowolo ali ku Nairobi mu 2018. Wamitala sabatizidwa, ngakhale kuti mpingo womwewu unkachita mitala poyera kufikira pamene mtsogoleri wake Wilford Woodruff analengeza zoisiya mu 1890.

Chikhulupiriro cha mmishonale mwiniwake chimaumbidwa ndi ntchito yomweyi, ndipo pali chifukwa chonenera kuti mwambowu umasintha mphunzitsi kuposa wophunzitsidwa. Wachinyamata amene wabwereza umboni wake kangapo patsiku kwa zaka ziwiri, wakanidwa pakhomo, wadwala malungo kutali ndi kwawo ndipo waphunzira kupirira mnzake amene sanamusankhe, amabwerera ali munthu woyenera kupatsidwa udindo, ndipo atsogoleri ambiri a mpingowu amachokera mwa anthu otere. Wobatizidwa ali pa mpata wovutirapo, chifukwa masabata asanu ndi limodzi aliwonse pulezidenti wa mishoni amasamutsa ena mwa amishonale, kotero amene anamuphunzitsa amachoka patangopita miyezi yochepa. Kukhalabe kwake mumpingo kumadalira mamembala anzake, ndalama ya basi yopitira ku msonkhano wa Lamlungu, ndiponso, ngati afuna miyambo yomanga banja kwamuyaya, pasipoti ndi ulendo wa ku kachisi, amene kwa zaka zambiri wapafupi anali wa ku Johannesburg wotsegulidwa mu 1985; mu 2016 mpingo unalengeza zomanga wina ku Harare.