Zipangizo Zowerenga Kuwala: Momwe Amazipangira ndi Ntchito Yake pa Nkhalango za Dziko Lino

Nkhalango ya Mughese, yomwe ili m'mapiri a Misuku m'dera la Mfumu Yaikulu Mwenemisuku m'boma la Chitipa, ndi imodzi mwa nkhalango zochepa m'dziko muno zomwe zimakhala zobiriwira chaka chonse. Nkhalangoyi, pamodzi ndi ya Wilindi ndi ya Matipa, ndi yotetezedwa ndi malamulo, ndipo imasunga madzi a timitsinje tomwe alimi a khofi ndi nthochi a m'deralo amadalira. Kuyendera malo otere wapansi n'kovuta kaamba ka zitunda ndi zigwembe. Ichi n'chifukwa chake akatswiri a zankhalango amadaliranso zithunzi zomwe ma setilaiti amajambula ali m'mlengalenga pofuna kudziwa ngati mitengo ikuchepa kapena ngati moto walowa.

Setilaiti payokha siona kanthu. Diso lake ndi kachipangizo komva kuwala, komwe kamasandutsa kuwalako kukhala mphamvu ya magetsi yoti kompyuta iwerenge. Zipangizo za mtunduwu zimapangidwa m'mafakitale owerengeka pa dziko lonse, ndipo luso lake ndi lomwelo limene akatswiri a zakuthambo amagwiritsa ntchito pofufuza nyenyezi.

Kuwala kumabwera ngati timbewu

M'chaka cha 1887, katswiri wa ku Germany, a Heinrich Hertz, adazindikira kuti kuwala kukagwa pa chitsulo kumathandiza kuti magetsi athetheke mosavuta. Chifukwa chake adachifotokoza ndi a Albert Einstein m'chaka cha 1905. Iwo adati kuwala sikuyenda ngati madzi osadukiza koma kumafika m'timbewu tating'onoting'ono ta mphamvu, tomwe pambuyo pake tidatchedwa photon. Kambewu kamodzi kakagunda chitsulo choyenera kamathothola elekitironi imodzi, komwe ndi kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi. A Einstein adalandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1921 makamaka kaamba ka ntchito imeneyi.

Vuto ndi loti elekitironi imodzi ndi yochepa zedi moti palibe mita yomwe ingaimve. Masana vutoli palibe chifukwa timbewu ta kuwala timakhala tosawerengeka. Koma kuchokera ku nyenyezi yakutali timafika mmodzimmodzi ngati madontho a mvula yowaza. Potero pamafunika njira yochulukitsira elekitironi imodziyo mpaka imveke.

Chubu chochulukitsa

Njira yoyamba idapezeka m'zaka za m'ma 1930, pomwe akatswiri a ku Soviet Union ndi ku America adapanga chubu chagalasi chotchedwa photomultiplier. M'kati mwa chubuchi mulibe mpweya. Kumaso kwake, cham'kati, amapakako kansalu kopyapyala ka zitsulo monga caesium, antimony ndi potassium, komwe amakatcha photocathode. Kuwala kukagwa pa kansaluka, elekitironi imathothoka n'kukokedwa ndi magetsi kupita pa kachitsulo koyamba, pomwe imathothola ena angapo. Awanso amagunda kachitsulo kachiwiri, ndipo zimapitirira chomwecho pa tizitsulo pafupifupi khumi. Pofika kumapeto, elekitironi imodzi ija imakhala itabala ena pafupifupi miliyoni imodzi.

Popanga chubuchi, amisiri amayamba aumba galasi ndi kulumikiza tizitsulo tam'kati, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwiridwa ndi manja. Kenaka amapopa mpweya wonse uku akutenthetsa chubucho kwa maola ambiri kuti chinyezi chichoke. Akatero amasungunulira zitsulo za photocathode m'kati momwemo kuti nthunzi yake imatirire pagalasi, n'kutseka chubucho. Zitsulozi zimaonongeka nthawi yomweyo zikakhudzana ndi mpweya, choncho kabowo kosaoneka ndi maso n'kokwanira kutayitsa ntchito ya masiku ambiri.

Mbale ya timabowo mamiliyoni

Chubu cha photomultiplier chimauza kuchuluka kwa kuwala koma sichionetsa chithunzi. Pofuna chithunzi, akatswiri adapanga kambale kagalasi kotchedwa microchannel plate, kochindikala pafupifupi milimita imodzi, kodzaza ndi timabowo mamiliyoni ambiri. Kabowo kalikonse kamagwira ntchito ngati chubu chochulukitsa pakokha.

Kapangidwe kake kamayamba ndi paipi yagalasi losakaniza ndi mtovu. M'kati mwa paipiyi amalowetsamo ndodo ya galasi la mtundu wina lomwe limasungunuka ndi asidi. Ziwirizi amazitenthetsa m'ng'anjo n'kuzikoka mpaka zitasanduka ulusi. Ulusiwo amaudula m'zidutswa, kuumanga m'mitolo ya ngodya zisanu ndi imodzi monga zisa za njuchi, n'kukokanso mtolo wonse kuti uwonde. Mitolo yambiri yotere amaisanja pamodzi ndi kuiphatikiza ndi moto kuti ikhale chigubu chimodzi cholimba.

Chigubucho amachicheka m'timbale topyapyala, mopendeketsa pang'ono, n'cholinga choti elekitironi ikalowa m'kabowo igunde khoma m'malo mongodutsa. Akasalaza timbaleto amativiika mu asidi yemwe amadya galasi lam'kati lija n'kusiya timabowo. Kenaka amatiwotcha mu mpweya wa hydrogen kuti makoma a timabowo athe kudutsitsa magetsi pang'ono ndi kutulutsa ma elekitironi akagundidwa. Pomaliza amapaka chitsulo chopyapyala mbali zonse ziwiri polumikizira magetsi.

Kabowo kamodzi nthawi zambiri kamakhala ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, kutanthauza kuti n'kowonda kangapo kuposa tsitsi la munthu. Mbale imodzi imafuna magetsi pafupifupi ma volt 1,000, kuposa kanayi magetsi a m'nyumba, ndipo imachulukitsa elekitironi ka 1,000 kapena kuposerapo. Mbale ziwiri kapena zitatu zikasanjikizidwa, kuchulukitsako kumafika m'mamiliyoni.

Mbale yotere ikaikidwa pakati pa photocathode ndi galasi lopakidwa mankhwala omwe amawala akagundidwa ndi ma elekitironi, pamatuluka chipangizo chotchedwa image intensifier, chomwe chimawalitsa chithunzi cha mumdima. Ichi ndicho chimakhala m'magalasi oonera usiku omwe asilikali ndi alonda ena a nyama zakutchire amavala. Kaamba ka ntchito yake pankhondo, mayiko opanga zipangizozi amaika malamulo okhwima pa kagulitsidwe kake kunja.

Mayeso chisanapite kumwamba

Chipangizo chopita m'mlengalenga sichibwerera kwa mmisiri chikaonongeka. Choncho amachisonkhanitsira m'zipinda zopanda fumbi, momwe antchito amavala zophimba thupi lonse, popeza kafumbi kamodzi kangatseke timabowo kapena kuyambitsa kuthetheka kwa magetsi. Amachigwedeza pa makina kutengera momwe roketi imanjenjemerera ponyamuka, ndipo amachiika m'chipinda chopanda mpweya momwe amachitenthetsa ndi kuchiziziritsa mosinthanasinthana. Amayesanso kuchuluka kwa zizindikiro zabodza zomwe chimatulutsa chikakhala mumdima wa ndiweyani, chifukwa chipangizo chonama mumdima chingachititse katswiri kuona nyenyezi pomwe palibe.

Mtundu wa photocathode umasankhidwa malinga ndi kuwala kofunika. Pofufuza kuwala kwa ultraviolet, komwe maso a munthu sakuona ndipo kwambiri mwa iko kumatsekedwa ndi mpweya wozungulira dziko, amagwiritsa ntchito caesium iodide kapena caesium telluride, zomwe sizimva kuwala wamba.

Ena mwa makampani odziwika pa ntchitoyi ndi Hamamatsu Photonics ya ku Japan yomwe idayamba m'chaka cha 1953, Photonis yomwe ili ndi mafakitale ku Brive m'dziko la France ndi ku Roden m'dziko la Netherlands, komanso Photek ya ku St Leonards-on-Sea ku Mangalande. Kampani ya Hamamatsu ndiyo idapanga machubu oposa 11,000, lililonse lotambalala masentimita 50, a malo ofufuzira a Super-Kamiokande omwe adayamba ntchito mu 1996 pansi pa phiri ku Japan. Mu November 2001 chubu chimodzi chidaphulika m'madzi momwe machubuwa adamizidwa, ndipo kugunda kwa madziwo kudaswa machubu oposa theka m'kanthawi kochepa. Ngoziyi idaonetsa kusakhalira kusweka kwa zipangizozi.

Ntchito yake kuthambo

Makina oonera zakuthambo a Hubble, omwe adatumizidwa m'mlengalenga mu 1990, adaikidwa zipangizo za microchannel plate zoonera ultraviolet mu 1997 ndi mu 2009. Makina a Chandra, omwe adanyamuka mu 1999 kukafufuza cheza cha X-ray chochokera ku nyenyezi, ali ndi kamera yomwe mbale yake ili ndi timabowo pafupifupi 69 miliyoni.

Kum'mwera kwa Africa kuno zipangizozi zafikanso. M'dziko la Namibia, kufupi ndi phiri la Gamsberg, makina anayi a H.E.S.S. adatsegulidwa mu 2004, aliwonse ali ndi kamera ya machubu 960 a photomultiplier, ndipo achisanu, aakulu kuposa onse, adaonjezedwa mu 2012. Ku Sutherland m'dziko la South Africa kuli makina a SALT omwe adatsegulidwa mu November 2005, okhala ndi kalilole wopangidwa ndi zidutswa 91. Mu 2009 pa makinawa padaikidwa kamera yowerenga timbewu ta kuwala yomwe idapangidwa ku yunivesite ya California ku Berkeley.

Masiku ano ntchito yambiri yojambula imagwiridwa ndi tizipangizo ta silicon. Koyamba mwa ito, kotchedwa CCD, adakatulukira a Willard Boyle ndi a George Smith ku Bell Labs mu 1969, ndipo adalandira nako mphoto ya Nobel mu 2009. Komabe machubu ndi mbale zija akadazigwiritsabe ntchito pomwe kuwala kuli kochepa kwambiri kapena pomwe nthawi yofikira kambewu kalikonse ikufunika kudziwika mwandendende.

Phindu lake kwa Amalawi

Zipangizo zomwezi zikatembenuzidwa kuyang'ana pansi, zimaona minda, nkhalango ndi midzi. Setilaiti ya Landsat 1, yomwe dziko la America lidatumiza mu July 1972, idanyamula kamera yomwe adaikonza mayi Virginia Norwood a kampani ya Hughes. Kamerayi idali ndi maso 24, ndipo 18 mwa iwo adali machubu a photomultiplier. Kuyambira nthawi imeneyo ma setilaiti a Landsat akhala akujambula dziko lapansi, ndipo kuyambira mu 2008 zithunzi zake ndi zaulere kwa aliyense wokhala ndi intaneti. Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021 zimauluka pamtunda wa makilomita 705, ndipo iliyonse imabwerera pamalo amodzi pakatha masiku 16. Kadontho kamodzi ka chithunzi chake kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi.

Masamba aawisi amabweza kwambiri kuwala kwa infrared komwe maso sakuona. Pachifukwachi m'chilimwe, minda ikakololedwa ndipo udzu utauma, nkhalango ngati ya Mughese imaoneka payokha pachithunzi, ndipo malire ake amadziwika bwino. Poyerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano, katswiri angathe kuloza pomwe munda walowa m'nkhalango kapena pomwe mitengo yaphukanso. Ma setilaiti a Terra ndi Aqua, a mu 1999 ndi mu 2002, adaonjezera luso lozindikira kutentha kwa moto wolusa kudzera m'chipangizo cha MODIS.

Usiku nawo umajambulidwa. Ma setilaiti a zanyengo a asilikali a ku America otchedwa DMSP adali ndi chubu cha photomultiplier chomwe cholinga chake chidali kuona mitambo pa kuwala kwa mwezi, koma chidapezeka kuti chikuonanso magetsi a m'mizinda ndi moto wa m'tchire. Mu 2011 setilaiti ya Suomi NPP idabwera ndi diso lakuthwa kuposa pamenepa. Pa zithunzi zoterezi mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu imawala pomwe madera ambiri akumidzi ali bii. Izi zikugwirizana ndi kalembera wa mu 2018, yemwe adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira ndi magetsi a ESCOM. Akatswiri a zachuma m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito zithunzi zausiku poona momwe magetsi akufalikira.

Machubu a photomultiplier adaulukaponso m'mlengalenga mwa dziko lino lenileni. Pa kafukufuku wa miyala ya mtengo wapatali wotchedwa Kauniuni, yemwe adayamba mu 2013 ndipo zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015, ndege za kampani ya Sander Geophysics ya ku Canada zinkayesa, mwa zina, cheza chochokera ku uranium, thorium ndi potassium wa m'nthaka. Pa kuyesa kotere, chezacho chimagunda mwala woumbidwa ndi sodium iodide, mwalawo umaphethira, ndipo chubu chimawerenga kuphethirako.

Dziko la Malawi lilibe fakitale yopanga zipangizozi, ndipo si mayiko ambiri ali nayo. Komabe zithunzi zomwe zimatuluka m'zipangizozi zilipo kale, zambiri mwa izo zaulere, ndipo chofunika ndi anthu odziwa kuziwerenga. Sukulu zaukachenjede monga Mzuzu University ndi Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, komanso African Drone and Data Academy yomwe idatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, zakhala zikuphunzitsa achinyamata kuwerenga mapu ndi zithunzi zam'mlengalenga.

Chithunzi chili ndi malire ake. Mitambo ya dzinja ndi nkhungu za m'mapiri zimaphimba nthaka, ndipo mtengo umodzi wodulidwa pansi pa mitengo ikuluikulu suoneka pa kadontho ka mamita 30. Setilaiti ingaloze pomwe nkhalango yachepa, koma wofotokoza chifukwa chake ndi wozimitsa moto ndi mlonda wa zankhalango, mfumu ndi anthu okhala m'mphepete mwa nkhalangoyo.