Mmene chimanga chinatsalira chokha m'munda

Lowani pakhomo lililonse kumudzi, mufunse mwana ngati wadya. Angakhale wakhuta mbatata kapena chinangwa chophika, adzakuyankhani kuti sanadye chifukwa nsima sinaphikidwe. Kwa ife chakudya ndi nsima, nsima ndi chimanga, ndipo chimanga ndi moyo. Tazolowera kwambiri moti timayesa kuti ndi mmene zakhalira chiyambire makolo. Komatu chimanga ndi mlendo kuno, ndipo ufumu wake m'minda yathu si wakale kwenikweni.

Kwawo kwa chimanga ndi kummwera kwa Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, atachiweta kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte. Eni akewo sankachibzala chokha. M'munda wawo, umene mpaka lero amautcha milpa, mumakhala chimanga, nyemba ndi maungu. Nyemba zimayanga paphesi n'kumabwezera chonde m'nthaka, maungu n'kuyala masamba ake pansi kuti chinyontho chisathawe komanso udzu usamere.

Ku Africa mbewuyi inafika pambuyo pa chaka cha 1500 m'zombo za Apwitikizi, ndipo inalowa kumtunda pang'onopang'ono potsata njira za amalonda. Akatswiri amati ngakhale dzina lake limaulula kochokera: chimanga ndi chinthu cha ku Manga, kugombe la nyanja yamchere. Chinapeza makolo athu akudya nsima ya mapira, mawere ndi mchewere. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anaona Amang'anja akulima mapira, nyemba, mtedza, mpunga, maungu, chinangwa, mbatata ndi thonje. Chimanga chinalipo, koma chinali chimodzi mwa zambiri.

Nanga chinalanda bwanji malo a zinzake? Chinali ndi zabwino zake zosakanika. Chimacha msanga, chimabereka kwambiri mvula ikagwa bwino, ndipo makoko ake amachibisa kwa mbalame, pamene mapira amafuna munthu wokhalira kuingitsa mpheta kuyambira mbandakucha. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba, amuna ambiri anapita ku thangata m'maesiteti, ena ku Halale, ena kumigodi ya ku Joni. Amayi otsala pamudzi, manja atachepa, anatsamira pa mbewu yosavutitsa kulondera. Mapira anabwerera kumalo otentha monga Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mawere anatsala a thobwa ndi mowa.

Chenjezo lalikulu linabwera mu 1949. Mvula inadula chimanga chili chanthete, ndipo njala inavuta kwambiri kuchigawo chakummwera, makamaka m'boma la Blantyre. Wolemba mbiri Megan Vaughan, amene anacheza ndi amayi okalamba a kumeneko n'kutulutsa buku mu 1987, anamva za amuna amene anapita kukasuma chakudya osabwereranso, ndi za mabanja amene anapulumukira mizu yakutchire.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, chimanga chinasanduka muyeso wa boma labwino. Dr Hastings Kamuzu Banda ankayendera mbewu m'minda chaka ndi chaka, ndipo ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inafikitsa misika yake kumidzi. Alangizi ankalimbikitsa mbewu ya haibulidi, feteleza wangongole kudzera m'makalabu, ndi munda woyera wa mbewu imodzi. Munda wakasakaniza unayamba kuoneka ngati wa munthu wotsalira.

Komabe amayi anakana kwa nthawi yaitali, ndipo anali ndi chifukwa. Chimanga chamakolo n'cholimba njere: chimakonoleka bwino mumtondo, mphale imatuluka yambiri, ndipo anankafumbwe sachiboola msanga m'nkhokwe. Haibulidi woyambayo anali wofewa, ankangonyenyeka ndi musi n'kuthera ku gaga. Ofufuza a ku Chitedze atamvetsa dandauloli anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zolimbirako njere, ndipo mpamene alimi ambiri anayamba kuzilandira.

Munda wa agogo anga aakazi ndimaukumbukira bwino. Pamzere umodzi pankakhala chimanga, nyemba zoyanga ndi phando la dzungu. M'mphepete munali nandolo ndi khobwe, pachulu mphonda ndi nkhaka, kumunsi kagawo ka nzama, ndipo chinangwa chinkazungulira malire. Chimanga chisanache tinali titayamba kale kudya nkhwani, khwanya ndi chitambe. Masamba otsala ankawafutsa n'kuwamanga m'zikwatu, kuzipachika kudenga la kukhitchini kuti zidzatithandize m'chilimwe. Chaka cha ng'amba chimanga chikapserera, ankakumba chinangwa. Mlangizi wina anawauza kuti mundawo ndi wauve. Iwo anangomuyankha kuti mwana salira chinthu chimodzi.

Zaka zotsatira zinaonetsa kuti agogowo ankaona patali. Chilala cha 1992 chinadula zokolola za chimanga ndi kupitirira theka. Mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi ya njala, nkhokwe za boma zitagulitsidwa, anthu akudya gaga ndi mitsitsi ya nthochi. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Zokolola zinakwera ndithu, ndipo mabanja ambiri anapuma. Koma ndalama zochuluka za unduna wa zamalimidwe zinkathera pa mbewu imodzi yomweyo, ndipo mlimi anaphunzira kuti thandizo limatsata chimanga.

Munda wa mbewu imodzi uli ngati phwando lokonzera mdani mmodzi. Kaufiti amakonda nthaka yoguga imene imabzalidwa chimanga chaka chilichonse popanda kasinthasintha. Mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano, zochokera ku America, zitaoneka ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, zinapeza chimanga chokhachokha kuchokera dziko lina kufika lina. Pofika December 2017, Pulezidenti Peter Mutharika anali atalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa maboma 28. Mu March 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha minda, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso chimodzimodzi m'maboma 23.

Vutoli silisankha wosauka. Ku United States mu 1970, nthenda ya masamba inawononga pafupifupi 15 peresenti ya chimanga cha dziko lonse, chifukwa mbewu zambiri za haibulidi, ngakhale zinali ndi mayina osiyana pamapaketi, zinali ndi kholo limodzi losalimba ku nthendayo. Zofanana zimadwala limodzi, zimafanso limodzi.

Ngakhale chaka cha mwanaalirenji, chimanga chokha sichikuza mwana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Kusikelo amayi amaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma magulu amenewo sangafike m'mbale ngati mulibe m'munda.

Chosangalatsa n'chakuti nzeru yakaleyo sinafe. Ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kumene malo ndi ochepa, alimi sanasiye kubzala nandolo m'chimanga: amapeza ndiwo, nkhuni, masamba obwezera chonde, ndi ndalama pogulitsa kwa amalonda otumiza ku India. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ogwira ntchito pachipatala cha mishoni atatopa ndi kugoneka ana onyentchera, mu 2000 anayamba kugwira ntchito ndi alimi ndi ofufuza pa pulojekiti ya Soils, Food and Healthy Communities. Alimi anayesa okha kuphatikiza mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, kukwirira zotsalira zake, n'kudzabzalapo chimanga chaka chotsatira. Nthaka inayamba kutsitsimuka, ndipo ana a m'mabanja amene anakhalitsa m'ntchitoyi anayamba kukula bwino. Kunyanja nakonso, anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amene amadya kondowole sanjenjemera msanga mvula ikadula.

Palibe akunena kuti tisiye nsima ya chimanga. Chimene chikufunika n'kubwezera chimanga anzake amene chinali nawo kwawo ku Mexico komanso m'minda ya agogo athu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ife tasenzetsa mbewu imodzi denga la dziko lonse. Ku Chitedze kuli nkhokwe yosungira mitundu ya mbewu zathu zamakolo, ndipo tiyamike amene amaisamala. Koma mbewu imakhala ndi moyo weniweni ikamabzalidwa, kukololedwa ndi kupatsirana. M'midzi yathu mukadali agogo amene amasunga nzama m'chiguli ndi ngala za mapira pamwamba pa moto. Mvula yoyamba isanagwe, tipite kwa iwo ndi kambale, tikapemphe mbewu, tikafunsenso kabzalidwe kake iwo akadali ndi moyo.