Lamya ya M'manja ndi Mtima wa Mwini Wake

Mmopane ndi mudzi wa m'boma la Kweneng, kufupi ndi mzinda wa Gaborone ku Botswana, ndipo ambiri mwa okhalamo amalawirira kukagwira ntchito mumzindawo. Kwa anthu otere, amene amaswera kutali ndi mabanja awo, chaka cha 1998 chidali chosaiwalika, pakuti ndi pamene makampani a Mascom ndi Vista Cellular adabweretsa lamya za m'manja m'dzikolo. Ku Malawi, TNM idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel idatsatira mu 1999.

Mbiri ikusonyeza kuti lamya zimene zidamera mizu m'maiko onsewa ndi zimene zidakondweretsa khutu, dzanja ndi diso. Khutu lidazolowera kanyimbo ka Nokia, kamene kadayamba kumveka mu 1994, kotengedwa mu nyimbo ya Gran Vals yomwe Francisco Tárrega wa ku Spain adapeka mu 1902. Dzanja lidapeza bwenzi mu Nokia 1100 ya mu 2003. Mabatani ake adali olumikizana kuti fumbi lisalowe, m'mbali mwake mudali mosaterera, ndipo pamutu pake padali tochi yowunikira m'nyumba zopanda magetsi. Lamya za mtunduwu zidagulitsidwa zoposa 250 miliyoni. Diso lidakumbukiridwa mochedwerapo, pamene kampani ya Transsion ya ku China idakonza makamera a Tecno kuti azijambula bwino nkhope za anthu akuda.

Lilime ndilo lidatsalira. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula malembo 160, koma mukalowa lembo losapezeka pa mndandanda wa GSM, monga ŵ wa Chichewa kapena š wa Setswana, malirewo amatsika kufika pa 70. Motero munthu wolemba chiyankhulo chake molondola ankalipira ndalama zambiri kuposa wolemba Chingerezi, ndipo wa m'thumba mopyapyala ankangotaya tizizindikiro tapamwambato. Ngakhale makina omasulira a Google adachedwa: Chichewa adachilandira mu 2014, Setswana mu 2024.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Okonza lamya adaphunzira msanga kuti munthu amakonda chimene chamukwana m'dzanja, koma zidawatengera zaka zambiri kuzindikira kuti mayi wa ku Mmopane kapena wa ku Dedza amapepesa maliro, kudandaula ndi kunyengerera mwana m'chiyankhulo chimene adayamwira. Lamya yokanika kulemba mawu amenewo bwinobwino imafika m'dzanja, koma mumtima simalowa.