TIZOMBO TA MATABWA: MBIRI YOLEMBEDWA NDI MPENI

Combo ca matabwa sicikhala muyaya. Cikagwira nchito zaka zake, matabwa amafumbwa, misomali imacita dzimbiri, ndipo mapeto ake ana amasewera pa nthiti zake pa mcenga, amayi natola zotsala kukakolezera moto. Nanga ife tidziwa bwanji maonekedwe a zombo za matanga zimene zinkayenda zaka mazana apitawo, kulibe makina ojambulira zithunzi? Njira imodzi ndi tizombo tating'ono ta matabwa, topangidwa mofanana ndi zombo zenizeni, ciwalo ndi ciwalo. Ambiri akaona tizomboti amati ndi zidole za ana. Iai, abale. Kacombo kopangidwa mosamala kali ngati kalata. Kamanena zimene mmisiri anaona, ndiponso kamabisa zimene mmisiriyo sanafune kunena.

Luso lakale

M'caka ca 1920, ofukula zinthu zakale otsogozedwa ndi Herbert Winlock anapeza kacipinda kobisika m'manda a Meketre, nduna ya ku Ejipito imene inakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2000 Ambuye Yesu asanabadwe. M'kacipindamo munali tizombo ta pa mtsinje wa Nile, tokhala ndi opalasa ake, nkhafi, milongoti ndi zingwe. Zombo zenizeni za ndunayo zinatha kalekale, koma tizomboto tilipo mpaka lero, tina ku Cairo, tina ku New York.

Akhristu a ku Ulaya nao anali ndi mwambo wao. Amalinyero akapulumuka pa namondwe ankasema kacombo, nakapacika kudenga la chalichi monga copereka coyamika Mulungu. Kacombo ka ku Mataró, pafupi ndi Barcelona, mbiri yake imati kanacokera m'kachalichi kotere. Ndi ka zaka za m'ma 1400, kutalika kwake kumaposa mita imodzi pang'ono, ndipo tsopano kamasungidwa ku Rotterdam. Popeza mapulani a zombo za nthawi imeneyo ndi osowa, ofufuza mbiri amakaphunzira pa kacombo kameneka.

Ku England, kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1600, amisiri ankapanga tizombo ta nkhondo pa muyeso umene kawirikawiri unali 1:48, ndiko kuti ciwalo ciliconse anacicepetsa ka 48. Kunsi kwake ankasiyako kosakhoma matabwa kuti munthu aone nthiti zonse ndi m'mene zinalumikizidwira. Tambiri ta mtundu umenewu tili ku Greenwich, mu London.

Kacombo kamapangidwa bwanji

Cinsinsi ca nchito yonse ndi muyeso umodzi. Tinene kuti combo ndi cotalika mamita 12, ndipo mmisiri wasankha muyeso wa 1:20. Ndiye kuti kacombo kake kadzakhala masentimita 60. Mlongoti wa mamita 8 udzakhala masentimita 40, ndipo munthu wa msinkhu wa mita 1,70 adzakhala masentimita 8,5. Akalola kuti nangula kapena ciwongolero cikule kuposa muyeso wake cifukwa coti cikukongola, basi kalata ija yayamba kunama.

Mmisiri amayamba ndi msana, mtanda wautali wa pansi pa combo. Pa msanapo amaimika nthiti. Kenaka amaceka timatabwa topyapyala, natiniika m'madzi otentha kuti tifewe, natipinda kamodzikamodzi kutsata nthiti, kumanzere kamodzi, kumanja kamodzi, kuti kacombo kasapotoke. Apa mpamene pamafunika kupirira, pakuti thabwa louma likakakamizidwa limathyoka. Akatha thupi amayala matabwa a pamwamba, naimika milongoti. Nchito yomaliza, imene imadya nthawi kwambiri, ndi zingwe. Cingwe ciliconse ciyenera kucokera pamalo pake ndi kukathera pamalo pake, kotero kuti mmalinyero weniweni akayang'ana anene kuti, eya, thanga ili likhoza kukwezedwa.

Pamene mapulani palibe

Tonse tinamva za Vasco da Gama. Ananyamuka ku Lisboa pa 8 Julayi 1497 ndi zombo zinayi, nafika ku Ilha de Moçambique pa 2 Malici 1498. Combo cake cinali São Gabriel. Tizombo ta São Gabriel tilipo tambiri, tokongola, ta mitanda yofiira pa matanga. Koma taonani: palibe pulani ya combo cimeneci imene inasungidwa. Maonekedwe amene ambiri anazolowera anacokera kwa ofufuza a m'mbuyo muno, monga msilikali wa pamadzi Baldaque da Silva, amene m'caka ca 1892 analumikiza zolembedwa ndi zojambula zakale kuti aganizire m'mene combo cinalili. Papita zaka pafupifupi 400 pakati pa combo ndi cithunzi cake. Cinthu ceniceni cotsala ca ulendowo ndi cosema ca mngelo Rafael, cimene cinali m'combo ca São Rafael. Combo cimeneco anacitentha okha pobwerera mu 1499, amalinyero atacepa cifukwa ca matenda, koma cosemaco cili ku Museu de Marinha ku Lisboa. Conco tikaona kacombo kalikonse tizifunsa kuti: wopanga anayesa combo ceniceni, kapena anaganizira?

Buku la ulendo womwewo limanena kuti ku Ilha de Moçambique Apwitikizi anapezako zombo zazikulu zopanda misomali. Matabwa ake anali osokedwa ndi zingwe, ndipo matanga anali olukidwa ngati mkeka. Zombo za mtundu umenewu zinapitiriza kuyenda m'mbali mwa nyanja ya mcere ya kum'mawa kwa Afrika, ndipo Aswahili ankazicha mtepe. Zingwe zake zinali za makoko a kokonati. Popanga mtepe ankayamba ndi kusoka matabwa, nthiti nkumazilowetsa pambuyo, kusiyana ndi njira imene tafotokoza pamwambapa. Zomaliza zinatha m'zaka za m'ma 1930. Amisiri ake sankajambula mapulani, nzeru yonse inali m'mutu ndi m'manja. Lero wofuna kudziwa mtepe amadalira zithunzi zocepa, zolemba za alendo, ndi tizombo timene amisiri a kugombeko anapanga. Pakadapanda tizomboto, luso la zaka mazana ambiri likadakwiriridwa pamodzi ndi eni ake.

Kacombo kamene kanaulula katundu

Tizombo tambiri timaonetsa matanga oyera ndi mizinga yonyezimira, koma m'mimba mwake mulibe kanthu. Nanga zombo zenizeni zinkayenda zopanda katundu? Pano pali nkhani ya combo ca Brookes, comangidwa ku Liverpool mu 1781, cimene cinkanyamula akapolo kucokera ku Afrika kupita ku zisumbu za ku America. Mu 1788 nyumba ya malamulo ya ku Britain inaika malire a ciwerengero ca akapolo m'combo, ndipo Brookes inaloledwa kunyamula anthu 454. Lamulolo lisanabwere inanyamulapo 609 pa ulendo umodzi.

Otsutsa ukapolo anatenga miyeso yeniyeni ya combo cimeneci, najambula anthu ogonekedwa m'mizere monga lamulo linalolera. Mwamuna aliyense malo ake anali pafupifupi masentimita 183 m'litali ndi 41 m'lifupi. Pambuyo pake Thomas Clarkson anapangitsa kacombo ka matabwa, ndi tizithunzi ta anthu tomatidwa m'katimo, ndipo William Wilberforce anakaonetsa kwa aphungu anzake. Anthu amene anali atamva manambala osagwidwa mtima, tsopano anaona ndi maso. Nkhondo ya mau inatenga zaka zambiri, koma mu 1807 Britain inaletsa malonda a akapolo m'zombo zake. Kacombo kaja kali ku Wilberforce House mumzinda wa Hull. Mphamvu yake sinali m'kukongola. Inali m'muyeso woona, ndi m'kusabisa amene anali pansi.

Nkhani imeneyi si ya kutali. Pa 3 Disembala 1794 combo ca Cipwitikizi ca São José cinanyamuka ku Ilha de Moçambique ndi akapolo oposa 500, ulendo wa ku Maranhão m'dziko la Brasil. Pa 27 Disembala cinasweka pa matanthwe pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwanso konko. Mu 2015 ofufuza analengeza kuti apeza malo amene cinamirira. Pakati pa zimene anavuula panali zitsulo zolemera zoika pansi pa combo kuti cisapendekeke. Mmisiri akapanga kacombo ka São José nasiya anthu aja, ngakhale zingwe zonse atazikonza bwino, wanena theka la coonadi.

Zombo za pa nyanja yathu

Tsopano tibwere kwathu. Makolo athu a m'mbali mwa Nyanja ya Niassa ankayenda pa mabwato osemedwa ku mtengo umodzi. Zombo za matabwa za thanga la ngodya zitatu zinabwera ndi amalonda a Ciswahili. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, amene ankachedwa Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota, tsidya lija la nyanja. Mu 1863 David Livingstone anapeza combo cikumangidwa kumeneko. Zombo zimenezi zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kudza tsidya lino, ku madooko monga Lusefa, ndipo kucokera pamenepo ulendo unali wa pansi, kudzera kwa Mataka ku Mwembe mpaka ku Kilwa. Mfumu Makanjira nayo inali ndi zombo zake.

Malonda oipawo atatha, thanga silinathe. Mtundu womwewo wa zombo unayamba kunyamula cinangwa, nsomba zouma, nkhuni, odwala ndi ana a sukulu pakati pa midzi ya m'gombe ndi Likoma. Mpingo nao uli ndi mbiri yake pa madzi amenewa: pa 2 Sepitembala 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pamene ngalawa ya thanga ya mishoni inagubuduzika ndi mphepo.

Amisiri athu, monga a mtepe aja, sajambula mapulani. Amayesa ndi diso, ndi mkono, ndi cingwe. Pamene injini zikuculuka pa nyanja, anyamata ofuna kuphunzira za thanga ndi mlongoti amacepa. Mmisiri wokalamba akamwalira, mau onse ochulira ziwalo za combo amapita naye kumanda. Zimene zinacitikira mtepe zikhoza kuticitikira ifenso, ndipo palibe mlendo amene adzabwera kudzatisungira. Paja akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera, koma amakoma pokhapokha wina atawasunga.

Zimene kalasi lingacite

Inu atsogoleri a makalasi a kuwerenga ndi kulemba, nchito imeneyi ili m'manja mwanu, ndipo sifuna ndalama zambiri. Zidutswa za mlombwa kapena mbawa zotsala kwa kalipentala, mpeni wakuthwa, ulusi, kansalu ndi cingwe coyesera, nzokwanira.

Yambani ndi kupempha mwaulemu mmisiri kapena mwini combo kuti kalasi likayese combo cake: m'litali, m'lifupi, kuya kwake, mlongoti, ndi mtengo wopacikapo thanga. Ophunzira alembe okha manambala m'makope mwao, nagawe nambala iliyonse ndi 20. Mayi amene amati masamu ndi a ana a sukulu adzadabwa kuona kuti wagawa 12 mamita napeza 60 masentimita. Funsani mmisiriyo dzina la ciwalo ciliconse, mulilembe monga iye walichulira, kaya ndi Cinyanja, Ciyao kapena Ciswahili. Mau amenewo ndiwo phunziro la kuwerenga la sabata imeneyo. Mufunsenso kuti amayamba ndi ciani pomanga, ndipo kacombo kanu katsate dongosolo lomwelo. Amene muli kutali ndi nyanja, ku Angónia kapena kumapiri, yesani ndi cingalawa ca Nowa: Genesis 6 amapereka mikono 300, 50 ndi 30. Mkono umodzi ukakhala milimita imodzi, mupeza masentimita 30, 5 ndi 3.

Kacombo kakatha, lembani kapepala kokhala nako: dzina la mmisiri amene anakuphunzitsani, mudzi, caka, muyeso, ndi zimene munayesa nokha kusiyanitsa ndi zimene munangomva. Lembaninso katundu amene combo cinkanyamula. Ngati mukupanga combo ca nthawi ya Jumbe, musabise anthu a m'katimo. Jambulani pansi malo a masentimita 183 ndi 41 aja, wophunzira mmodzi wofuna agonemo, ena aone.

Pano pafunika nzeru za ubusa. M'kalasi limodzi, ngakhale pa benchi limodzi m'chalichi, mukhoza kukhala zidzukulu za ogwidwa ndi zidzukulu za ogwira anzao. Colinga si kulozana zala kapena kuchula mabanja. Colinga ndi cakuti ana athu adziwe zimene nyanja iyi inaona, zabwino ndi zoipa, kucokera kwa ife eni ake, zolembedwa m'cinenero cathu.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi kacombo kofanizira kamasiyana bwanji ndi cidole ca ana?

2. Combo cotalika mamita 15 cidzakhala masentimita angati pa muyeso wa 1:20?

3. Ncifukwa ciani kacombo ka Brookes kanagwira mtima aphungu kuposa manambala okha?

4. M'mudzi mwathu ndani amene akudziwa kumanga combo kapena kusema bwato, ndipo tidzapita liti kukaceza nao?