Zaka 30 za zilombo za m'thumba: kuchokera ku tchire la Machida mpaka pa kaunjika wa ku Golomoti

Pa mulu wa kaunjika tsiku la msika ku Golomoti kapena ku Mtakataka, sichachilendo kutola kamalaya ka mwana kojambulidwa kanyama kachikasu, ka makutu aatali osongoka, masaya ofiira ndi mchira wokhotakhota ngati ching'aning'ani. Mayi amakoka nsaluyo kuti aone ngati ili yolimba, amanenerera mtengo, n'kupita nako kunyumba. Kanyamako dzina lake ndi Pikachu, kamodzi mwa zilombo zoposa 1,000 za m'masewera apakanema otchedwa Pokémon. Pa 27 February 2026 masewerawa adakwanitsa zaka 30 chitulukire ku Japan.

Zaka zonsezi pali mawu amene akhala akuyenda nawo limodzi, m'maiko ambiri ndi m'zipembedzo zosiyanasiyana: akuti ndi a ziwanda, akuti amakokera ana ku usatana. Kuno kwathu, kumene mphekesera za usatana sizichedwa kuyaka ngati moto wolusa, mawu otere sasowa womvera. Ndipo chinenero chathu chimathira mafuta. Dzina loti Pokémon ndi chidule cha mawu awiri a Chingerezi otanthauza zilombo za m'thumba, pomwe kwa Mchewa wa ku Mua chilombo si mawu wamba: ndi chotuluka kudambwe. Koma wofufuza mbiriyi amapeza kuti chiyambi chake si zilombo ayi. Ndi tizilombo.

Satoshi Tajiri adabadwa mu 1965 ndipo adakulira ku Machida, m'mphepete mwa mzinda wa Tokyo, kukadali minda ya mpunga, maiwe ndi tchire. Ankakonda kugwira tizilombo moti anzake adamutcha dokotala wa tizilombo. Ankaika miyala patsinde pa mitengo madzulo kuti m'mawa akapeze tobisala pansi pake. Mwana wa ku Mtakataka amene amakumba nkhululu, kutchera ngumbi mvula yoyamba ikagwa, kapena kuthamangitsa ziwala m'munda wokolola, akadamvana naye popanda womasulira. Kenako mzinda udakula, maiwe adakwiriridwa, pamalo pake padabwera misewu ndi nyumba, tizilombo tija n'kusowa. Tajiri ankafuna kuti ana obadwira m'mzinda alawe chimene iye adalawa kutchire.

Zaka za m'ma 1980 ankalemba kamagazini ka masewera kotchedwa Game Freak, mothandizana ndi wojambula Ken Sugimori, ndipo mu 1989 dzinalo lidasanduka kampani. Chaka chomwecho kudatuluka Game Boy, kamakina kosewerera kokwana m'manja, kamene kankatha kulumikizidwa ndi kanzake pa chingwe. Ena ankaona chingwecho ngati njira yopikisanirana. Tajiri adaona tizilombo tikuyenda pa chingwe kuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo. Ntchito idatenga zaka pafupifupi 6, ndalama zikutha, antchito ena akuchoka, mpaka mu February 1996 masewera awiri oyamba adalowa m'sitolo, okhala ndi zilombo 151.

Nthawi imeneyo dziko la Malawi lidali lisanatsegule wailesi ya kanema yakeyake. Idayamba mu 1999. Kuchigwa cha Dedza zilombozi zidafika mochedwa ndiponso modzera kumbali, pa zovala, pa zikwama za kusukulu, kenako pa mafoni.

Mphamvu ya masewerawa ili m'kapangidwe kake, ndipo m'zaka 30 sikadasinthe kwenikweni. Wosewera ndi mwana amene akunyamuka kwawo ndi kanyama kamodzi. Akalowa m'maudzu aatali amakumana ndi zina, amazigwira, amazilera, ndipo kabuku kamene amayenda nako kamalemba dzina, msinkhu ndi khalidwe la chilichonse. Zina zimasintha maonekedwe zikakula: Caterpie ndi mbozi imene imadzasanduka gulugufe, Poliwag ndi mbululu, ndipo kozungulira ka pamimba pake kadatengedwa ku matumbo a mbululu zenizeni amene amaonekera pakhungu. Pomenyana, wosewera amaloledwa zilombo 6 zokha, chilichonse ndi njira zinayi zomenyera. Madzi amazimitsa moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi. Mitundu yotere idali 15 poyamba, ndipo kuyambira 2013 ilipo 18. Palibe chopambana zonse. Wodziwa bawo angazindikire msanga kukoma kwake: sapambana wa changu cha manja koma amene wawerengeratu zimene mnzake achite akatakata. Chogonja sichifa, chimangokomoka, n'kukachira.

Chanzeru china n'chakuti masewera oyambawo adatuluka awiriawiri, ena okhala ndi zilombo zimene mwa enawo mulibe. Wofuna kudzaza kabuku kake adayenera kupeza mnzake wosinthana naye. Izi zidapangitsa ana kucheza maso ndi maso. Zidapangitsanso mabanja ena kugula kawiri chinthu pafupifupi chimodzi, ndipo apa m'pamene ubwino ndi vuto la Pokémon zidamerera phando limodzi.

Nanga mbiri ya ziwanda idachokera kuti? Gawo lalikulu likuloza ku usiku umodzi.

Mu April 1997 ku Japan kudayamba katuni wa pa wailesi ya kanema wochokera pa masewerawa. Madzulo a pa 16 December chaka chomwecho, ana mamiliyoni adakhala pansi kuonera gawo la 38. Patadutsa mphindi pafupifupi 20, pakanema padaphulika kuwala kofiira ndi kwa buluu, kosinthana maulendo 12 pa sekondi iliyonse, kwa masekondi ochepa chabe. M'nyumba zambiri ana adayamba kumva chizungulire, mutu ndi nseru. Ena adasanza, ena adagwa n'kuyamba kuphupha. Usiku umenewo ana 685 adathamangitsidwa nawo kuchipatala pa maambulansi. Ambiri adapeza bwino asanafike n'komwe, koma oposa 100 adagonekedwa. Mawailesi ena, pofalitsa nkhaniyi, adaonetsanso kachigawo komweko, ndipo ena adadwala pamenepo. M'masiku otsatira ana zikwi zambiri adanena kuti nawonso sadamve bwino, ngakhale ofufuza amene adaunika nkhaniyi mu 2001 adapeza kuti ambiri mwa amenewa zizindikiro zidawayamba atamva kale nkhaniyo kusukulu ndi m'manyuzi, kusonyeza kuti mantha nawo adagwira ntchito yake.

Madokotala sadavutike kupeza gwero. Pali mtundu wa khunyu umene umadzuka ndi kuwala kothwanima mofulumira, makamaka kofiira, ndipo umapezeka kwambiri mwa ana ndi achinyamata. Katuniyo adaimitsidwa miyezi inayi, n'kubwerera mu April 1998. Gawo lija silidaonetsedwenso. Mawailesi a ku Japan adakhazikitsa malamulo oletsa kuwala kothwanima koposa katatu pa sekondi. Cholakwika chidali chizolowezi cha ojambula makatuni a nthawi imeneyo, chogwiritsa ntchito kuwala kotere pofuna kuti kuphulika kuoneke koopsa, popanda malamulo owaletsa.

Koma nkhani ikawoloka nyanja imataya zina panjira. Maiko ambiri adamva dzina la Pokémon koyamba kudzera m'nkhani ya ana ogwa, masewerawo asanafike n'komwe. Ku America adafika mu September 1998. Za kuwala zidaiwalika, zidatsala n'zakuti ana adaonera zilombo n'kugwa. Wolemba nkhani ino akuona kuti izi zikutikhudza kwambiri kuno, kumene mwana wa khunyu mpaka lero ena amamunena kuti adalodzedwa, amamuthawa akagwa poopa kutengera, ndipo amachedwa naye kuchipatala pomwe mankhwala alipo. Kutcha usiku wa 1997 ntchito ya ziwanda n'kubwereza cholakwa chomwecho.

Azipembedzo sadayankhule chimodzi. Mu 2000 wailesi ya kanema ya maepiskopi a Katolika ku Italy, Sat2000, idati sidapezemo choononga khalidwe, ndipo idayamikira kuti nkhani yake yagona pa ubwenzi. Mu 2001 dziko la Saudi Arabia lidaletsa masewerawa ndi makadi ake, ndipo chimodzi mwa zifukwa chidali chakuti amafanana ndi juga. Chifukwa chimenechi n'chofunika kuchimvetsera. Makadi a Pokémon, amene adayamba mu October 1996, amagulitsidwa m'timapaketi tomata, wogula osadziwa zimene zili m'kati. Mwana amagula, sapeza chimene amafuna, amagulanso. Khadi limodzi losowa lidagulidwa madola oposa 5 miliyoni. Kholo la ku Mtakataka limene likuona achinyamata akutaya ndalama pa kubetcha mpira pafoni lili ndi chifukwa chomveka chodandaulira ndi khalidwe lotere, kuposa kudandaula ndi ziwanda.

Anthu a ku Mua amadziwa kuti choopedwa lero chitha kudzamvetsedwa mawa. Mishoni idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo zaka zoyambirira padali kusamvana kwakukulu pakati pa mpingo ndi gule wamkulu. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a Kungoni pamwamba pa mtsinje wa Nadzipokwe, ndipo lero m'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza gule wamkulu ngati chuma cha anthu onse. Gule si masewera, ndipo kumuyerekeza ndi malonda a ku Japan kungakhale chipongwe. Mfundo ndi yakuti mtendere pa Mua udabwera pamene wina adakhala pansi n'kufunsa dzina ndi tanthauzo la chilombo chilichonse asanachiweruze.

Zofooka zenizeni za Pokémon zili poyera. Nkhani yake ndi imodzimodzi chaka ndi chaka: mwana anyamuka, agonjetsa akatswiri a m'mizinda, asokoneza gulu la anthu oipa, akhala ngwazi. Wamkulu amene wazolowera amamaliza osatuluka thukuta. Ndipo pamene masewera, katuni, makadi ndi zidole zonse ziyenera kutulukira pamodzi, nthawi imalamulira luso. Mu 2019 masewera atsopano adatuluka opanda zilombo zambiri zakale, zimene ena adazilera zaka zoposa khumi, ndipo okonda masewerawa adakwiya. Mu November 2022 ena adatuluka akudodoma, zithunzi zikuduka, anthu apakanema akumira m'nthaka, mpaka eni ake adapepesa. Komabe makope 10 miliyoni adagulidwa m'masiku atatu. Msika wogula chilichonse mosayang'ana sulimbikitsa wophika kudikira kuti nsima ipse.

Kwa mwana wa ku Golomoti vuto lalikulu ndi mtengo ndi chinenero. Kamakina kosewerera ka Switch kadatuluka mu 2017 pa madola 300, ndipo masewera amodzi ankagulitsidwa madola 60, zimene pa mtengo wa kubanki kwacha itatsika mu November 2023 zidaposa K100,000. Masewerawa amalembedwa m'Chijapani, Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani ndi zinenero zina zochepa, popanda chilichonse chobadwira mu Africa muno.

Chiyembekezo chidaoneka mu July 2016 pamene Pokémon Go idatuluka pa mafoni, yaulere, yofuna kuti munthu ayende ndi miyendo yake kukasaka zilombo pamalo enieni. Lidali loto la Tajiri lobwerera panja. Pasanathe miyezi itatu idatsitsidwa pa mafoni maulendo 500 miliyoni, ndipo mu October chaka chomwecho idatsegulidwa m'maiko ambiri a mu Africa. Koma malo otolera zipangizo m'masewerawa adatengedwa pa mapu amene adalembedwa kale ndi anthu okhala ndi mafoni apamwamba, ambiri a m'mizinda. Ofufuza adaonetsa mu 2017 kuti ngakhale ku America madera akumidzi adatsalira kutali. Wa kumudzi amene ali ndi tchire lenileni ndiye adapeza pakanema pali mbee. Onjezanipo mtengo wa bandulo, netiweki yothawathawa ndi batire lotha msanga, m'dera limene ambiri amatchajitsa foni pamsika, ngakhale kuti pa Golomoti pomwepo pali munda wa sola wa mamegawati 20 umene udayamba kupereka magetsi ku dziko lonse mu 2022. M'masewerawa muli chilombo chimene adagawira dera la Africa ndi maiko oyandikana nalo, dzina lake Tropius, chobala zipatso zonga nthochi pakhosi. Alendo obwera kuno amatha kuchigwira, pomwe ana ambiri a kuno sadachionepo.

Mu 2002 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge adaonetsa ana a ku Britain zithunzi za zamoyo za kwawo ndi za Pokémon. Ana a zaka 8 adatchula molondola zilombo zapakanema pafupifupi 8 pa 10 zilizonse, koma zamoyo zenizeni adakhoza pafupifupi theka lokha. Ena adawerenga zotsatirazi ngati chitonzo kwa masewerawa. Akatswiriwo adaonamo china: mwana amatha kusunga m'mutu maina mazana ngati wina wawakonza mokoma. Wolemba nkhani ino akugwirizana nawo, ndipo akudandaula kuti nzeru imeneyi sidagwiritsidwebe ntchito mokwanira pa zathu. Mwana wa msodzi wa kugombe la Mtakataka amasiyanitsa chambo, utaka, usipa, mcheni, kampango ndi mpasa asanadziwe kulemba dzina lake, koma akalowa m'kalasi nzeru imeneyo amaisiya pakhomo.

Msewu wochoka pa Golomoti kulowera ku Monkey Bay umakafikitsa munthu pafupi ndi Cape Maclear, kumene kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, okhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. M'miyala ya pansi pa madzi amenewo mumakhala mbuna za buluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zina zopezeka pa chilumba chimodzi chokha padziko lonse. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa iyo akatswiri sadaipatsebe maina a sayansi.